Sikolashipu za "Indigenous" mu sayansi ndi uinjiniya: ndi za ndani, nanga inu muyambire pati?

Nyengo yofunsira malo m'mayunivesite akunja ikamayandikira, cha mu Seputembala, uthenga umodzimodzi umayamba kundipeza pa WhatsApp. Wina wamaliza uinjiniya ku MUBAS, wina sayansi ku Chanco kapena ku Bunda, ndipo waona chilengezo cha ndalama za masitazi ndi PhD chonena kuti ndi cha ophunzira a "Indigenous". Funso lake limakhala lakuti: kodi ine si mbadwa, nanga ndilekerenji kulemba? Ndayankha mmodzimmodzi kokwanira, tsono ndilembe kamodzi kuti wofunsa aliyense ndizingomulozera.

Yankho lalifupi ndi lakuti ndalama imeneyo si yanu. Koma musalekere pomwepo, chifukwa mmene mapologalamu amenewa anakonzedwera muli phunziro limene ambiri ofuna sukulu kunja sanauzidwepo. Mu sayansi ndi uinjiniya ndalama imadzera mwa pulofesa, ndipo kumaliza kapena kusamaliza kwanu kumadalira kwambiri munthu ameneyo kuposa dzina la yunivesite. Tsatani ndondomekoyi.

1. Dziwani eni ake a ndalamayo

Ku America mawuwa amanena mitundu imene inalipo Azungu asanafike, imene m'mafomu imalembedwa American Indian, Alaska Native ndi Native Hawaiian. Mitundu yovomerezeka ndi boma la kumeneko ndi yoposa 570, monga Navajo, amene eni ake amadzitchula Diné, Cherokee, Hopi ndi Blackfeet. Mtundu uliwonse uli ndi boma lakelake ndi kaundula wa anthu ake, ndipo wopempha ndalama kawirikawiri amafunsidwa umboni wakuti ali m'kaundulamo kapena kuti ndi mwana kaya mdzukulu wa munthu wolembedwamo. Ku Canada amanena First Nations, Inuit ndi Métis, ku Australia amanena Aboriginal ndi Torres Strait Islander, ku New Zealand amanena Māori. Kwathu mawuwa tinawazolowera pa nkhani za bizinesi ndi makontirakiti a boma, pomwe amatanthauza Mmalawi wakuda, ndiye chisokonezo chimayambira pamenepo.

Musazione ngati tsankho. Ana a mitundu imeneyi ankachotsedwa kwa makolo awo n'kuikidwa m'sukulu zogonera komweko, monga ya Carlisle ku Pennsylvania imene inatsegulidwa mu 1879, kumene ankawaletsa chilankhulo chawo. Lamulo la Morrill la 1862 linapatsa mayunivesite ambiri a boma chuma choyambira pogulitsa malo olandidwa kwa mitundu yomweyi. M'dziko la a Navajo makampani anakumba uranium kuyambira 1944 mpaka 1986 n'kusiya migodi yoposa 500 yosakwiriridwa bwino, pafupi ndi zitsime ndi msipu wa nkhosa. Anthuwa akufuna akatswiri a madzi, a nthaka ndi a zaumoyo ochokera pakati pawo, ndipo ndalamazi cholinga chake n'chimenecho.

Mayina amene mumawaona m'zilengezo ndi awa. Sloan Indigenous Graduate Partnership, ya bungwe la Alfred P. Sloan Foundation, inayamba mu 2003 ku University of Arizona ndipo inafalikira ku mayunivesite a ku Alaska ndi Montana, ku Purdue, ndi ku koleji ya za nkhalango ndi chilengedwe ya State University of New York. AISES ndi bungwe la asayansi ndi mainjiniya a mitunduyi, linayamba mu 1977. SACNAS, bungwe la asayansi a mitunduyi pamodzi ndi a chi-Hispanic, inayamba mu 1973. Native Forward Scholars Fund, yopereka masikolashipu kwa ophunzira a mitunduyi, ili ku Albuquerque, ndipo ANSEP ya ku Anchorage, imene inayamba mu 1995, imatenga ana a ku Alaska kuyambira ali kusukulu za m'munsi mpaka ku digiri zapamwamba.

Chenjezo loyamba: pa fomu pakakhala bokosi lofunsa ngati ndinu wa mitunduyi, musachonge. Ena amati palibe amene angafufuze. Amafufuza, ndipo bodza la pa fomu likhoza kukulanditsani malo ngakhale mutayamba kale maphunziro. Komanso mwatenga mpando wa mwana wa eni ake.

2. Mvetsani kumene ndalama imachokera

Pologalamu ya Sloan ili ndi lamulo limene limadabwitsa ambiri. Wophunzira amayamba walandiridwa ndi dipatimenti yake n'kupeza ntchito yothandizira kafukufuku kapena kuphunzitsa, kenako ndalama ya Sloan imabwera pamwamba ngati yowonjezera, yogulira zipangizo, yoyendera kumisonkhano ndi yopepukitsa moyo. Ngakhale eni ake a sikolashipuyo amafunika kupeza kaye pulofesa wowalandira. Ndiye inu amene mukuchokera kutali, muyambire pomwepo.

Ndalama za ophunzira a sayansi ku America ndi Canada zimabwera m'njira zitatu. Yoyamba amaitchula RA: pulofesa wapambana ndalama ya kafukufuku, ndipo amakulipirani kuchokera m'menemo kuti mugwire ntchito mu labu yake, ntchito imene nthawi zambiri imadzakhalanso thesis yanu. Yachiwiri ndi TA: dipatimenti imakulipirani kuti muziyendetsa mapulakitiko ndi kuchonga mayeso a ana a digiri yoyamba. Ku America zonse ziwirizi kawirikawiri zimawerengedwa ngati maola 20 pa sabata, ndipo zimabwera ndi ndalama ya m'thumba mwezi ndi mwezi komanso kukhululukiridwa fizi, kumene amati tuition waiver. Yachitatu ndi fellowship, ndalama yoperekedwa m'dzina lanu popanda ntchito yomangika nayo.

Ambiri amalimbana ndi yachitatuyi yokha, pamene malo ochuluka ali mu ziwiri zoyambazo. Dziwaninso kuti ku America PhD ndi imene imakhala ndi ndalama kuposa masitazi, ndipo madipatimenti ambiri amalola munthu wa digiri yoyamba ya zaka zinayi kulowa PhD mwachindunji. Masitazi ya uinjiniya yopanda thesis kawirikawiri ndi yolipira nokha.

Fellowship yotchuka ya National Science Foundation ndi ya nzika za America ndi okhala ndi green card okha. Ana a Amalawi obadwira kumeneko angalembe, koma inu a ku Ndirande kapena ku Area 25 musatayirepo nthawi. Zanu ndi monga Fulbright yodzera ku ofesi ya kazembe wa America ku Lilongwe, Commonwealth ndi Chevening za ku Britain, Beit Trust imene ndi ya Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, Mastercard Foundation Scholars Program, ndi DAAD ya ku Germany imene imalipiranso maphunziro m'mayunivesite a mu Africa momwemuno. A masamu ndi fizikisi ayang'ane AIMS, imene inayamba mu 2003 ku Muizenberg ku Cape Town ndipo masitazi yake ndi yolipiriridwa zonse. A ulimi ayang'ane RUFORUM, ofuna PhD ayang'ane RSIF imene imayendetsedwa ndi bungwe la kafukufuku la icipe ku Nairobi, ndipo azimayi ali ndi OWSD komanso Faculty for the Future.

Chinanso, kuyambira 2025 malamulo a viza ya ku America akhala akuuma kwa Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Zimbabwe. Musanalipire fomu iliyonse ya kumeneko, funsani ku ofesi ya kazembe kapena kwa alangizi a EducationUSA ngati viza ya ophunzira ikuperekedwa. Ndondomeko yotsatirayi imagwiranso ntchito ku Canada, ku South Africa ndi ku Ulaya, choncho musaike maso pa dziko limodzi.

3. Yambani ndi funso, dzina la yunivesite libwere pambuyo

Mu 2015 madzi oipa a mu mgodi wa Gold King ku Colorado anasefukira mu mitsinje ya Animas ndi San Juan, imene alimi a Navajo amathirira mbewu zawo. Mmodzi mwa amene anatsogolera kafukufuku wa mmene ngoziyo inakhudzira anthu ndi Pulofesa Karletta Chief wa ku University of Arizona, katswiri wa madzi amenenso ndi wa mtundu wa Diné. Ophunzira ambiri a m'mapologalamu amenewa amalowa sukulu motero, atanyamula vuto la kwawo lodziwika dzina ndi malo, ndipo kalata ya munthu wotere imaoneka msanga pakati pa makalata mazana.

Inunso mafunso muli nawo. Chifukwa chiyani phiri la Soche linagumuka momwe linagumukira pa namondwe wa Freddy mu 2023, ndipo ndi mapiri ati ena ali pangozi yomweyo? Matope ndi zinyalala za mu Shire zimachepetsa bwanji magetsi ku Nkula? Chuku cha mu mtedza ndi chimanga chingachepetsedwe bwanji pa nkhokwe ya mlimi wamba? Nyanja ya Chilwa imauma liti ndipo asodzi angadziwiretu bwanji? Sankhani limodzi, mulilembe m'ziganizo ziwiri.

Kenako pitani pa Google Scholar mufufuze amene asindikiza za nkhani yofanana m'zaka zitatu zapitazi. Sikofunika kuti akhale wofufuza za Malawi. Wofufuza za kugumuka kwa nthaka ku Nepal ali ndi njira zimene inu mukuzifuna. Mukapeza pepala, pitani kumapeto kwake pamene olemba amathokoza owapatsa ndalama. Pamakhala dzina la bungwe ndi nambala ya ndalamayo, ndipo za National Science Foundation ndi National Institutes of Health mukhoza kuzifufuza kwaulere pa intaneti n'kuona tsiku limene ndalamayo inayamba ndi limene ikutha. Pulofesa amene ndalama yake yangoyamba kumene akufuna ophunzira. Amene yake ikutha chaka chamawa angakukondeni, koma alibe chokulipirani. Lembani mayina khumi kapena khumi ndi asanu.

4. Lemberani pulofesa

Ulemu wathu umatipweteka pamenepa. Tinaleredwa kuti wamkulu sumufikira ndi nkhani pakhomo pomwe, umayamba ndi moni, kufunsa za kunyumba, kenako pang'onopang'ono n'kufika pa chimene wadzera. Pulofesa wa kunja amawerenga mizere itatu yoyamba pafoni akuthamangira kukalasi. Ngati m'mizere imeneyo simunatchule ntchito yake, imeloyo yapita.

Ikhale ndime zitatu zazifupi. Yoyamba inene kuti ndinu ndani, munaphunzira chiyani ndi kuti, ndipo mukufuna kuyamba PhD kapena masitazi chaka chiti. Yachiwiri ndiyo mtima wa kalatayo: tchulani pepala lake limodzi ndi chinthu chenicheni chimene mwapezamo, n'kuchilumikiza ndi zimene manja anu anagwirapo. Mwachitsanzo, munganene kuti mwawerenga njira imene anayezera fluoride m'madzi a pansi, kuti pa pulojekiti yanu ya chaka chomaliza munatunga madzi m'mijigo ya m'boma lanu n'kupeza kuti ina ili ndi mulingo wokwera, ndipo mukufuna kudziwa ngati sefa imene gulu lake likuyesa ingagwire ntchito ndi dothi la kwanu. Yachitatu ifunse molunjika ngati akutenga ophunzira chaka chimenecho ndiponso ngati pali ndalama ya RA. Mumangirirepo CV ya masamba awiri ndi transcript.

Zolakwika zimene ndimaziona kawirikawiri ndi izi. Kutumiza kalata imodzi kwa anthu makumi asanu yoyamba ndi "Dear Sir/Madam". Kulemba dzina la pulofesa wina m'kalata ya mnzake chifukwa chokopera. Kuyamba ndi nkhani ya umphawi ndi umasiye, imene ndi yoona ndipo ili ndi malo ake m'kalata ina, koma pano munthuyu akufuna wogwira naye ntchito. Kupatsa makina a pa intaneti kuti akulembereni kalata yosalala yopanda kanthu kanu m'kati. Chingerezi chosavuta chokhala ndi funso lenileni chimaposa chingerezi chokometsera.

Tumizani mu Seputembala kapena Okutobala. Pakatha masabata awiri osayankhidwa, kumbutsani kamodzi, kenako pitirirani kwa wina. Ambiri sayankha, ndipo si chipongwe. Madipatimenti ena, makamaka a biology, amasankha ophunzira kudzera mu komiti ndipo chaka choyamba mumazungulira malabu angapo musanasankhe. Kumeneko pulofesa akakuuzani kuti ingolembani fomu, sanakukaneni.

5. Mufufuzeni pulofesayo musanavomere

Gawo ili ndi limene malangizo ambiri amalidumpha, ndipo ndi limene limagwetsa anthu. Pulofesa akangoyankha kuti bwerani, chimwemwe chimatseka maso. Koma munthu ameneyu ndiye adzakulipirani, adzasaina thesis yanu, adzalemba kalata yokupezerani ntchito, ndipo viza yanu imadalira kuti mukhalebe wophunzira wokhala ndi ndalama. PhD ya ku America imatenga zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi. Kwathu ankhoswe savomera ukwati asanafunse za khalidwe la banja limene mwana wawo akukalowa, ndipo inunso mufunse chimodzimodzi.

Yambani ndi zimene zili poyera. Malabu ambiri amalemba mayina a ophunzira akale. Onani kuti anatha zaka zingati, ali kuti lero, ndipo pa mapepala a labuyo dzina loyamba limakhala la wophunzira kapena la pulofesa nthawi zonse. Onani ngati mwa omaliza muli ochokera kunja, azimayi, kapena anthu okhala ndi mabanja. Onaninso ngati pulofesayo ndi wongoyamba kumene. Wongoyamba amakhala nanu pafupi mu labu koma ali pampanipani woti asindikize zambiri kuti akhazikitsidwe pa ntchito, ndipo akapanda kukhazikitsidwa amachoka. Wamkulu wodziwika ali ndi ndalama ndi dzina, koma mungathe mwezi osamuona. Palibe woipa mwa awiriwa, chofunika n'kudziwa amene akugwirizana ndi inu.

Kenako pemphani pulofesayo akulumikizeni ndi ophunzira ake awiri. Wabwino amavomera msanga. Akazengereza kapena kukwiya, mwamva kale yankho. Koma musadalire okhawo amene wakusankhirani. Pezani nokha mmodzi amene anamaliza kale, amene saopanso kanthu, ndipo ngati n'kotheka mmodzi amene anachoka mu labuyo asanamalize. Pa LinkedIn amapezeka. Pemphani kulankhula pafoni kapena pa Zoom mphindi khumi ndi zisanu, chifukwa palibe wophunzira angalembe zoipa za bwana wake mu imelo.

Musafunse kuti kodi ndi munthu wabwino, aliyense adzati eya. Funsani zinthu zochitika. Mumakumana naye kangati pa mwezi? Mukamupatsa chaputala amabweza patapita nthawi yaitali bwanji? Kafukufuku atakanika miyezi itatu anakuuzani chiyani? Kodi ndalama inayamba yathapo pakati pa chaka, ndipo anachitapo chiyani? Alipo amene anachoka, ndipo anachokeranji? Pomaliza funsani kuti, mutayambiranso, mungasankhenso labu yomweyi? Mvetserani kutalika kwa chete amene amabwera yankho lisanatuluke. Munthu akapuma kaye n'kunena kuti labuyi ndi yabwino kwa anthu odziimira paokha, akukuuzani kuti simudzathandizidwa. Akati bwana amayembekezera zambiri, funsani kuti Loweruka ndi Lamlungu anthu amakhala kuti.

Pali funso lina limene ndinaliphunzira poona mmene mapologalamu a eni nthaka a ku America amasamalira ophunzira awo. Iwo anazindikira kuti mwana wa ku Navajo kapena wa kumudzi wa ku Alaska sasiya sukulu chifukwa masamu amukanika. Nthawi zambiri amasiya chifukwa ali yekhayekha mu dipatimenti, kwawo kwagwa maliro kapena kuli mwambo umene sangajombe, akuthandiza abale ndi ndalama yomweyo ya m'thumba, ndipo palibe wamkulu amene akumvetsa. N'chifukwa chake pa yunivesite iliyonse amaika pulofesa woyang'anira pologalamuyo, amasonkhanitsa ophunzirawo kawirikawiri, ndipo amasamala kuti wophunzira agwere m'manja mwa mlangizi wotani. Inu simudzakhala ndi ofesi yotero yokuyankhulirani, choncho funsani nokha. Muuzeni pulofesa kuti kwanu ndi ulendo wa masiku awiri pa ndege, ndipo mufunse kuti kholo litamwalira mungachoke masabata atatu osadulidwa malipiro. Funsani ngati mungakachite gawo la kafukufuku wanu ku Malawi, ndipo adzalipira ulendowo ndani. Nkhope yake ndi mawu ake oyamba zidzakuuzani zambiri kuposa CV yake.

Funso lomaliza lipite kwa woyang'anira maphunziro apamwamba mu dipatimenti: zinthu zitavuta, wophunzira angasinthe pulofesa, ndipo dipatimenti ingamupatse TA pamene akufunafuna wina? Kumene yankho lili eya, muli ndi khomo lotulukira. Safunsa anadya phula.

6. Konzani mapepala nthawi ilipo

Mafomu ambiri a PhD ku America ndi Canada amatsekedwa pakati pa 1 Disembala ndi pakati pa Januwale, ndipo maphunziro amayamba mu Ogasiti kapena Seputembala. Pemphani transcript miyezi itatu isanakwane nthawiyo. Ngati munamaliza ku Poly, ku College of Medicine kapena ku Kamuzu College of Nursing chisanafike chaka cha 2021, digiri yanu ndi ya University of Malawi pamene sukuluyo lero ili ndi dzina lina, choncho fotokozani zimenezi m'chiganizo chimodzi kuti asaganize kuti mapepala akusemphana. Mayunivesite ena amafuna kuti bungwe ngati WES liunike magiredi anu, ndipo zimenezi zimatenga masabata. Ambiri anasiya kufuna mayeso a GRE, ndipo ena safuna TOEFL kapena IELTS kwa amene anaphunzira m'Chingerezi. Funsani musanalipire. Fomu iliyonse ili ndi mtengo wake m'madola, ndipo mukudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira kubanki, choncho lemberani dipatimenti kupempha kuti akukhululukireni. Ena amavomera, koma sauza amene sanafunse.

Makalata okuchitirani umboni amafunika atatu. Musathamangire bwana wa udindo waukulu amene sakukudziwani. Lekichara amene anayang'anira pulojekiti yanu, amene anganene kuti munakonza nokha makina atawonongeka, ndiye wofunika. Mupatseni CV, funso lanu ndi masiku otsekera mwezi wathunthu nthawi isanakwane, ndipo mukumbutseni mwaulemu, chifukwa kalata imodzi yochedwa imagwetsa fomu yonse.

7. Werengani kalata yokulandirani mzere ndi mzere

Kalata ikabwera, musaitumize kaye ku gulu la banja. Khalani pansi ndi cholembera. Ndalama ya m'thumba ndi ya miyezi 9 kapena 12? Ngati ndi 9, kuyambira Juni mpaka Ogasiti mudzadya chiyani? Fizi yakhululukidwa yonse, nanga tindalama tina ta semesita iliyonse timene amatitchula fees, alipira ndani? Inshuwalansi ya chipatala ilipo, ndipo ikukhudza mkazi kapena mwamuna wanu ndi ana? Alonjeza zaka zingati polemba? Lonjezo la pakamwa silowerengedwa. Fufuzani lendi ya m'tauniyo muchotsere, mukumbukirenso kuti ndalamayi imadulidwa msonkho. Malipiro oyamba amabwera patatha mwezi mutafika, pamene tikiti, dipoziti ya nyumba ndi zovala za chisanu zimafuna ndalama musanalandire kalikonse. Funsani ngati dipatimenti ili ndi thandizo la ulendo.

Mayunivesite ambiri a ku America anagwirizana kuti wophunzira wopatsidwa ndalama asakakamizidwe kuyankha lisanafike tsiku la 15 Epulo. Wina akakupanikizani kuti muvomere mu Febuluwale, muli ndi ufulu wodikira makalata ena.

8. Mukafika, musadalire mlangizi mmodzi

Pulofesa wanu ndi wa kafukufuku. Mufunikanso wina wa mu komiti younika thesis yanu amene mungamudandaulire, wophunzira wa chaka chachinayi wokuuzani mmene mayeso aakulu olowera gawo la thesis amayendera, ndi munthu wakwanu wodya naye nsima. AISES ndi SACNAS zimalola aliyense kukhala membala, ndipo nthambi zawo pa yunivesite zimakhala ndi maphunziro a kalembedwe ndi misonkhano yokumana ndi olemba ntchito. Lowani ngati mlendo wodziwa malo ake: mverani, thandizani kunyamula mipando, musapemphe ndalama zimene si zanu. Mudzapeza anthu omvetsa za maliro, za agogo ndi za munda kuposa ena onse pa sukulupo.

Mu labu lankhulani. Kukhala chete ndi kuyang'ana pansi, kumene kwathu ndi ulemu, kumeneko amakuona ngati mulibe maganizo kapena simunamve. Chinthu chikakanika, nenani sabata yomweyo. Mukatha kukumana ndi pulofesa, mutumizireni imelo ya mizere inayi yonena zimene mwagwirizana ndi tsiku lake. Zikadzavuta, mayunivesite ambiri ali ndi ofesi yotchedwa ombuds, yomva madandaulo mwachinsinsi, ndipo maimelo amenewo ndiwo umboni wanu.

9. Mukabwera kudzafufuza kwanu, pemphani chilolezo ndipo mubweze zotsatira

Kuyambira mu 1990 ofufuza a ku Arizona State University anatenga magazi a anthu a mtundu wa Havasupai, okhala m'chigwa cha Grand Canyon, amene ankadziwa kuti ndi ofufuzira matenda a shuga. Magaziwo anagwiritsidwanso ntchito pofufuza matenda a maganizo ndi kumene mtunduwo unachokera, eni ake osadziwa. Mlandu unatha mu 2010, pamene yunivesite inalipira madola 700,000 ndi kubweza magaziwo. A Navajo anaimitsa kafukufuku wa majini m'dziko lawo mu 2002 ndipo ali ndi komiti yawoyawo younika kafukufuku aliyense wokhudza anthu. A San, mtundu wa eni nthaka a ku South Africa, anatulutsa malamulo awo a kafukufuku mu 2017. Wophunzira wa mitundu imeneyi amaphunzitsidwa msanga kuti kukhala mwana wa m'mudzimo sikumupatsa ufulu wotenga chilichonse.

Inunso chimodzimodzi, ndipo mukudziwa mmene nkhani ya magazi imawawira m'midzi mwathu. Chilolezo cha yunivesite yanu ya kunja sichikwanira. Kafukufuku wa zaumoyo amadzera ku National Health Sciences Research Committee kapena ku COMREC, komiti younika kafukufuku imene inayambira ku College of Medicine, wina amadzera ku makomiti a pansi pa National Commission for Science and Technology, ndipo kutulutsa magazi, mbewu kapena zinthu zina zoyeza kunja kwa dziko kumafuna mgwirizano wolembedwa. Zimenezi zimatenga miyezi, choncho yambani musanagule tikiti. Mukafika pa boma, yambani kwa a DC, kenako kwa a T/A ndi anyakwawa, ndipo fotokozani m'chilankhulo cha anthuwo zimene mukutenga, kumene zikupita ndi amene adzazisunge. Pezani mnzanu wa ku yunivesite ya kuno, ndipo dzina lake likhale pa pepala ngati wolemba nawo.

Polemba bajeti ya kafukufuku, ikanimo mzere wa ulendo wachiwiri wobwerera kumudzi komweko ndi zotsatira, pamodzi ndi ndalama yomasulira ndi kusindikiza tsamba limodzi m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao. Muuikemo pachiyambi pomwe, pulofesa asanasaine, chifukwa ndalama ya kafukufuku ikangotsekedwa simudzapezanso wolipira ulendo umenewo.